Tsabola wa Mayi Dorika ndi Lamulo la Zonse Kunja

Ku Tidzatukuka nkhani yonse inayamba ndi mpando.

Mfumu ya dzikolo, Ndalamula Wachiwiri, inapita ku msonkhano wa mafumu kunja. Nde kumeneko anthu amakhala motsata zomwe dziko lawo limagulitsa kunja. A mafuta kutsogolo. A golide mzere wachiwiri. A khofi ndi a tiyi chapakati. Mfumu Ndalamula anaikhazika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko cha kutoileti, moti aliyense wofuna kutuluka amaipempha kuti ipinde miyendo. Msonkhano wake unali wa masiku atatu.

Itabwerako sinafike n'kunyumba komwe. Kuchoka pa eyapoti, straight ku bwalo, nduna zonse ziitanidwe.

"Dziko lino limatumiza chani kunja?" inafunsa mfumu.

Nduna zinayang'anana. Ya zaulimi inati fodya, kungoti chaka chino mvula inachedwa, ndipo itabwera inabwera yonse tsiku limodzi. Ya zaumoyo inati manesi. Mfumu inati manesi amapita okha, palibe amawatumiza.

Kenako inaimirira nduna ya zamalonda, Olemekezeka a Dikirani Mubwerenso, bambo wa jekete ngakhale mu Okutobala.

"Mwinidziko, tili ndi fakitale imodzi yomwe ikupumabe. Ya Kutakuta, ija ya mapulasitiki. Imapanga majumbo, mapaketi a shuga, a mchere, timapepala ta mafuta oyeza. Tikaipatsa magetsi tsiku lonse n'kuichotsera msonkho, itha kumatumiza kunja mapaketi eyiti pa teni alionse. Forex izilowa."

"Awiri enawo?"

"Otsala muno, mwinidziko. Kuti anthu azigwiritsako ntchito."

"Ine ndapinda miyendo masiku atatu," inatero mfumu, "inu mukufuna kusunga awiri?"

Basi lamulo linatuluka madzulo omwewo, dzina lake Zonse Kunja. Chilichonse chotuluka mu fakitale ya Kutakuta chiziwoloka mtsinje kupita ku dziko loyandikana nalo la Kwaeni. Paketi ngakhale imodzi isagulitsidwe muno. Pa geti ya fakitale anaikapo msilikali, ndipo wailesi imawerenga lamulolo katatu patsiku, akangomaliza mauthenga a maliro.

Sabata yoyamba ku msika wa Zakwera anthu sanaone kusintha. Aliyense anali ndi majumbo akale kunyumba, aja amasungidwa m'jumbo lina kuseri kwa chitseko. Sabata yachitatu anatha.

Shuga anayamba kumangidwa pa mfundo ya chitenje. Usipa m'thumba la buluku. Wa chipisi amakuthirira m'chipewa chako, ukakhala ulibe chipewa umadyera pompo. Mphunzitsi wina anafika pa benchi ya Mayi Naliyera, ogulitsa mafuta ophikira oyeza, chimanjamanja.

"Ndithire pati, aphunzitsi?" anafunsa Mayi Naliyera, supuni ili m'mwamba.

"Mulibe kapepala n'kamodzi komwe?"

"Timapepala tili ku export. Inu mwatsala."

"Ndiye nditani?"

"Pindani dzanja. Muyende pang'onopang'ono, musapatse munthu moni."

Aphunzitsi anapinda dzanja. Anthu anawapatsa njira mwaulemu ngati anyamula mwana wodwala.

Tsopano kutsidya kwa msewu, kuyang'anizana ndi geti ya fakitale, kunali kanyumba ka malata ka Mayi Dorika Kalilangwe. Mayi ameneyu amapanga tsabola. Kambuzi wouma, kusinja mumtondo, kuthira mchere, adyo, ndi china chake chomwe sauza munthu. Kwa zaka leveni amagula mapaketi pa geti pomwepo, kuthira tsabola, kumata kukamwa kwa paketi ndi kandulo, n'kukagulitsa ku Zakwera. Zochapa zake zimanunkha pulasitiki wopsa chaka chonse, koma samadandaula. Amati fungo la neba wako ndi lakonso.

Mwezi womwe lamulo linatuluka ndi womwe mwayi unamupeza. Mayi wina wa mashopu ku Kwaeni, Madamu Zuleka, analawa tsabola uja pa ukwati, analira misozi, n'kufufuza mwini wake. Uthenga unabwera pa foni: mapaketi zikwi ziwiri, omata bwino, afike pasanathe mwezi. Zikayenda, ndiye mwezi ndi mwezi. Zikakanika, aitanitsa kwina.

Tsabola analipo, masaka atatu. Mapaketi ndi omwe panalibe.

Mayi Dorika anawoloka msewu. Msilikali anamulola kulowa poti iye amangolondera zotuluka. Manejala wa fakitale, a Gelesomu, anawapeza akudya nkhomaliro, kabotolo ka tsabola wake yemweyo kali pa desiki.

"Neba," anatero Mayi Dorika, "ndigulitseni mapaketi zikwi ziwiri."

A Gelesomu anayang'ana kuchitseko. "Mayi, mukufuna ndikagone ku polisi?"

"Ndi a export. Tsabolayu akupita ku Kwaeni."

"Zili bho zimenezo. Koma inuyo mumakhala kuti?"

"Mukudziwa komwe ndimakhala. Utsi wanu umagona kwanga."

"Ndiye vuto lake ndi limenelo. Ndinu a muno. Ndikakugulitsani, ndagulitsa muno." Anapukuta thukuta pamphuno. "Onani kuseri uko. Mabelo mpaka kudenga. A ku Kwaeni akuchita kutsitsa mtengo mmene akufunira, poti akudziwa tilibe kwina kogulitsa. Ineyo mkazi wanga akusunga mchere mu sokosi. Pitani ku unduna, mwina kuli fomu."

Ku unduna kunalidi fomu. Kunali mafomu ambiri, kungoti wosunga kiyi wa kabati anali ku workshop ya momwe angathandizire amalonda ang'onoang'ono. Lachiwiri anamuuza abwere Lachinayi. Lachinayi anamuuza kuti anabwera Lachinayi lolakwika. Ulendo wachitatu Mayi Dorika anabwera ndi mkeka n'kuyala pakhomo pa ofesi ya nduna, ndipo a Mubwerenso, posowa polowera, anamulowetsa.

"Mayi, boma likunyadirani," anayamba a nduna atamva nkhani yonse. "Anthu ngati inu ndi omwe tikuwafuna. Muli ndi setifiketi ya exporter?"

"Ndilibe, bwana. Ndimaipeza bwanji?"

"Mubweretse umboni woti munatumizapo katundu kunja."

"Ndikufuna kutumiza koyamba."

"Ndiye mukatumiza mubwere."

"Nditumiza mu chani, bwana? Mapaketi mwatseka."

A nduna anavula magalasi. Amakonda mafunso oterewa, poti mayankho ake analipo.

"Tiyeni tione bwinobwino. Paketi ikachoka mu fakitale n'kubwera kwanu, inu n'kuthiramo tsabola, paketi imeneyo yagwira ntchito kuti?"

"Kwanga."

"Muno. Ndiye kuti si export. Yadyedwa muno. Chiwerengero chomwe ndimapereka kwa mwinidziko Lolemba lililonse chitsika ndi zikwi ziwiri."

"Koma iwolokabe mtsinje, bwana. Ndi tsabola mkati."

"Ikawoloka ndi tsabola mkati ndi ya unduna wa zaulimi. Mukufuna ndipatse mnzanga uja mapaketi anga?"

"Chabwino. Ndikagule ku Kwaeni mapaketi omwewa, ndibwere nawo."

"N'zoletsedwa. Sitilola mapaketi ochokera kunja. Tikuteteza fakitale yathu."

"Ndiye m'mapaketi mukutumizawa mumakhala chani?"

"Mpweya, mayi," anatero a nduna akuvalanso magalasi. "Koma ndi mpweya wa Tidzatukuka. Wathuwathu."

Anamuperekeza mpaka pakhomo, n'kumuthandiza kupinda mkeka.

Kunatsala masiku sikisi. Mayi Dorika anakhala pakhonde pake akuyang'ana malole akutuluka pa geti, lililonse lodzaza ndi mapaketi opanda kanthu, akudutsa pafupi moti akanatha kuwagwira ndi dzanja. Mmawa mwake anakhoma nyumba ndi loko, kiyi anamanga pachitenje, n'kuimika lole imodzi. Dalaivala amamudziwa. Lamulo silinatchulepo za masaka a tsabola, kapena za mzimayi wokhala pamwamba pa mabelo.

Nde anayenda choncho, makilomita sikisite, atakhalira mapaketi omwe amawafuna. Pa boda ofisala anawerenga mabelo, n'kudinda. Anayang'ana Mayi Dorika ndi masaka ake, anayang'ana pa fomu, sanapeze bokosi lake, n'kukweza chitsulo.

Kutsidya lole inatsitsa katundu pa sitolo ina yaikulu. Mayi Dorika anatsika limodzi ndi mabelo, anazungulira n'kukaima pa kauntala ngati kasitomala wina aliyense. Belo lomwe anagula linali lofundabe pomwe anakhalira.

Madamu Zuleka anamupatsa khonde la kuseri kwa shopu. Mayi Dorika anayatsa kandulo n'kuyamba kumata. Tsiku lachiwiri kunafika mnyamata wa boma la Kwaeni ndi njinga yamoto, analawa, anatsokomola, n'kufunsa ngati akufuna makina omatira. Mayi Dorika anafunsa kuti abwere Lachingati. Munthuyo sanamvetse funsolo. Makina anabwera masana omwewo, limodzi ndi zomata zolembedwa kuti Zopangidwa ku Kwaeni.

Oda inakwana kutatsala tsiku limodzi kuti nthawi ithe. Mwezi wotsatira Madamu Zuleka anafuna zikwi zisanu.

Zinthu zimayenda, eti. Koma Mayi Dorika amagona pa makatoni kuseri kwa shopu ya eni, mtondo wobwereka, dzuwa loyanikira tsabola lopempha pabwalo la eni. Kwawo amapitako kamodzi pamwezi, kukagula kambuzi kwa alimi, kutsegula mawindo, kusesa, n'kukhomanso. Akamuimbira Mayi Naliyera kufunsa za moyo wakunja, amayankha zomwezomwezo: "Ine ndikungofuna ndizimata mapaketi pakhonde panga. Basi."

Chaka chitatha, ku nyumba yachifumu kunali phwando lokumbukira Zonse Kunja. A Mubwerenso anawerenga ripoti: mapaketi onse, teni pa teni, anapita kunja. Anthu anaomba m'manja. Chakudya chinabwera, ndipo monga mwa mwambo wa kunyumba yachifumu, chilichonse patebulo chinali chochokera kunja, kupatula madzi osamba m'manja.

Mfumu inathira tsabola pa nyama. Inatafuna. Inasiya foloko. Thukuta linatsika kuchokera pansi pa chisoti mpaka m'khosi, ndipo bwalo lonse linasiya kutafuna kudikira kuti aone amene achotsedwe ntchito.

"Bweretsani paketi yake."

Anabweretsa. Mfumu inaitembenuza, kuisisita ndi chala, kuwerenga chomata.

"Mwaona?" inatero ikuikweza m'mwamba. "Anzathu. Onani tsabola wake. Onani pulasitiki yake, kusalala. Ife zaka zonsezi tikulephera chani? Anthu anga amangodziwa kudandaula za majumbo." Inaloza a Mubwerenso. "Mupite ku Kwaeni. Mukapeze mwini kampani imeneyi. Investor ameneyu abwere adzatsegule muno. Mumupatse malo, magetsi, chilichonse."

"Mapaketi nawonso, mwinidziko? Lamulo lija limati..."

"Lamulo ndi la anthu a muno. Uyu ndi wakunja. Akagula wakunja ndi export, ngakhale ataima pa geti."

Alembi analemba zimenezo, ndipo zinakhala Gawo Lachiwiri la lamulo lija.

Gulu linanyamuka la anthu fotini, magalimoto asanu, ndi womasulira mmodzi. Masiku anayi oyamba anakhala ku hotela akukonzekera. Lachisanu Madamu Zuleka anawalondolera kuseri kwa shopu, komwe anapeza mzimayi atamanga duku, atakhala pa kreti, akusefa tsabola.

"Tikufuna a managing director," anatero womasulira m'Chingerezi.

Mzimayiyo anadzutsa mutu. Anayang'ana womasulira, kenako jekete la kumbuyo kwake.

A Mubwerenso anamuzindikira nthawi yomweyo. Munthu amene anakuyalira mkeka pakhomo suiwala. Anauza gulu lonse kuti likadikire ku magalimoto, poti zokambirana za pamwamba zimafuna anthu awiri.

"Mayi," anatero atatsala awiri.

"Bwana. Mwabwera Lachisanu lolondola?"

A nduna anakhala pa kreti ina osapukuta. "Mayi, tisachedwetsane. Mwinidziko akufuna investor wa ku Kwaeni. Ndikabwerera n'kukanena kuti investor uja ndi mayi wa pa Kutakuta amene ndinamubweza katatu, ine ntchito yatha. Inunso mapaketi simuwaona, poti mukhala wa muno."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinu wakunja."

"Ine wobadwira kuseri kwa msika wa Zakwera."

"Zimenezo ndi zakale. Wakunja amagula mapaketi pa geti, mmene angafunire. Magetsi tsiku lonse. Malo aulere, pafupi ndi fakitale."

"Malo ndili nawo. Ndikufuna mapaketi basi, ndizimata kwathu."

"Mupeza zonse. Chachikulu musalankhule. Mwinidziko akalankhula, muzingogwedeza mutu. Zoyankha ndiyankha ine."

Mayi Dorika anasefa tsabola kanthawi. A nduna anayetsemula kanayi.

"Mapaketi pa geti," anatero mayiyo. "Popanda fomu."

"Popanda fomu."

"Chabwino. Ndine wakunja."

A nduna anaimba foni ku likulu pompo kuti investor wavomera, akonze malo msanga, pasapezeke chochititsa manyazi.

Anamutenga patatha sabata ziwiri, pa galimoto yakuda ya mbendera. Anamugulira suti ya buluu ndi magalasi akuda. Pa boda ofisala yemwe uja anamuchitira sawatcha. Ana asukulu anaimikidwa m'mbali mwa msewu kuyambira mmawa, akukupiza timbendera ta pepala.

Pa fakitale panali tenti, gulu la amayi ovina, wailesi, ndi msika wonse wa Zakwera, poti unatsekedwa kuti anthu akalandire mlendo. Galimoto itaima, Mayi Dorika anatsika. Amayi a ku msika anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku magalasi.

"Koma azungu a masiku ano," anatero Mayi Naliyera chapansipansi. "Kufanana ndi anthu."

"Ayenda ngati Dorika," anatero wa chipisi.

"Dorika analibe suti. Imbani nthungululu, mapaketi akayamba kutuluka pa geti mwina ena azigwa."

Nthungululu zinalira. Palibe anaseka.

Mfumu inalankhula ola limodzi ndi theka. Inati lero Tidzatukuka walowa m'gulu la mayiko. Inati amayi a muno atengere chitsanzo kwa Madamu awa, amene achoka kutali kudzationetsa kuti tsabola amathiridwa mu paketi. Mayi Dorika anagwedeza mutu. Kenako a Gelesomu anatuluka pa geti atanyamula belo la mapaketi lomangidwa riboni, maso ali pansi, n'kulipereka m'manja mwake. Msilikali anaimika mfuti mwaulemu. Belo linatuluka.

"Tsopano," inatero mfumu, "tikuonetseni malo anu."

Tenti inali itatchinga kutsidya kwa msewu. Atazungulira, Mayi Dorika anaona bwalo lofiira, losalala, matayala a thirakitala akuonekabe m'dothi. Pakati anazikapo chikwangwani: Malo a Investor. Mtengo wa papaya unatsala umodzi kumapeto, poti unali kunja kwa mzere.

"Panali kanyumba apa," inafotokoza mfumu mokoma mtima. "Ka mzimayi wina wa muno. Anangokhoma n'kusowa, chaka chathunthu, osatsanzika ndi mfumu ya dera yomwe. Ndi mmene alili anthu anga, Madamu. Malo abwino chonchi, pafupi ndi fakitale, osawagwiritsa ntchito. Womasulira, auzeni."

Womasulira anamasulira zonse m'Chingerezi, pang'onopang'ono, kuti mlendo amve bwino.

Mayi Dorika anaima ndi belo lake pachifuwa. Anapendekera kwa a Mubwerenso, milomo osaitsegula kwenikweni.

"Malata anga ali kuti?"

"Mayi, makamera."

"Malata anga, bwana. Ndi mtondo."

"Mtondo sindikudziwa," ananong'ona a nduna akumwetulira kutsogolo. "Malata anapita ndi a zitsulo zakale. Ku Kwaeni amagula bwino. Alowa mu export ya mwezi uno."

"Akuti bwanji Madamu?" inafunsa mfumu.

"Akuti malowa awakonda, mwinidziko. Akuti akumva ngati ali kwawo."

Mfumu inasangalala, n'kutembenukira kwa mlendo kudikira kuti atsimikize. Nduna zinadikira. Msika wonse wa Zakwera unadikira.

Mayi Dorika anasintha belo kuliika paphewa lina, n'kugwedeza mutu.